Kinshasa, mzinda wolemba m'Chifalansa n'kumaimba m'Chilingala

Mphunzitsi wa Chifalansa akati aliyense asankhe mzinda umodzi wolankhula chinenerochi, aufufuze, adzafotokozere anzake m'kalasi, ophunzira onse amakhamukira ku Paris. Tsiku lofotokoza likafika zithunzi zimangofanana: nsanja ya Eiffel, mtsinje wa Seine ndi buledi wamtali uja wonga ndodo. Wofuna kusiyanako ndi anzake amatola Montréal kapena Genève. Chonsecho mzinda waukulu kuposa yonse imene boma lake limalemba makalata ndi kuweruza milandu m'Chifalansa suli ku Ulaya konse. Uli m'mphepete mwa mtsinje wa Congo, ndipo nyimbo zake takhala tikuzivina m'maukwati ndi m'mabala kwa zaka zambirimbiri.

Mu Kinshasa, likulu la Democratic Republic of Congo, akuti muli anthu oposa 15 miliyoni. Ndati akuti chifukwa kalembera womaliza m'dzikolo anachitika mu 1984, ndiye chiwerengero chilichonse chimene mungachipeze n'choyerekeza chabe. Komabe palibe amene amakana kuti mzindawu unapitirira kale Paris pamodzi ndi madera ake ozungulira. Pa nthawi ya ufulu mu 1960 munali anthu pafupifupi 400,000 okha.

Wophunzira amene angatsike ndege pa bwalo la N'djili atapanira buku la galamala kukhwapa adzadabwa asanafike n'komwe pakati pa mzinda. Mafomu a pabwalo la ndege ali m'Chifalansa. Zikwangwani za mu Boulevard Lumumba, mayina a masitolo, nyuzipepala, malamulo a dziko, mayeso a kusukulu, zonsezo m'Chifalansa. Koma kondakitala wolendewera pakhomo la minibasi akuitanira anthu m'Chilingala, mayi wa buledi akutsatsa m'Chilingala, ndipo madalaivala awiri amene magalimoto awo akhulana akulalatirana m'Chilingala. Dzikoli lili ndi zinenero zoposa 200. Zinayi mwa izo, Chilingala, Chiswahili, Chikongo ndi Chiluba, zinapatsidwa ulemu wokhala zinenero za fuko, koma cha boma ndi Chifalansa chokha. Bungwe la mayiko olankhula Chifalansa, la Organisation internationale de la Francophonie, limati pafupifupi theka la anthu a m'dzikoli amachidziwa, ndipo mu likulu ndi ochulukirapo. Chikhalidwe cha Kinshasa chagona pa mmene zinenero ziwirizi zinagawanirana ntchito: ndani akulankhula chiti, kwa yani, ali pati, akufuna chiyani. Ife amene tinakulira pakati pa Chichewa ndi Chingerezi tili ndi mwayi womva nkhaniyi msanga kuposa mwana wa ku Lyon.

Zonse ziwiri n'zobwera

Mzindawu unabadwa chifukwa cha mathithi. Sitima ya pamadzi ikhoza kutsika ndi mtsinje wa Congo makilomita pafupifupi 1,700 kuchokera ku Kisangani popanda chopinga. Ikafika pamene mtsinjewu umatambalala n'kupanga dziwe lalikulu la Pool Malebo, iyenera kuima, chifukwa kumunsi kwake madzi amagwa m'miyala mpaka kufupi ndi Matadi. Pamene katundu atsitsidwa m'ngalawa, msika suchedwa kumera. Ateke ndi Ahumbu anali ndi midzi yamalonda pamalopa, monga Kintambo ndi Kinshasa, azungu asanafike. Mu 1881 Henry Morton Stanley, amene ankagwira ntchito ya Mfumu Leopold II ya ku Belgium, anagwirizana ndi mfumu Ngaliema n'kumanga kasiteshoni kamene anakatcha Léopoldville. Njanji yolambalala mathithi kuchokera ku Matadi inatha mu 1898, ndipo m'zaka za m'ma 1920 likulu la atsamunda linasamutsidwa kuchoka ku Boma kubwera kuno.

Chilingala nachonso chinabwera ndi mtsinje. Amalonda a m'ngalawa ankagwiritsa ntchito Chibobangi. Asilikali ndi antchito amene atsamunda anawasonkhanitsa kuchokera kumadera osiyanasiyana anachitola mothyolathyola, n'kuthiramo mawu a kwawo. Ansembe achikatolika a chipani cha Scheut anachikonza n'kuchilemba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo gulu lankhondo la atsamunda, la Force Publique, linachitenga kukhala chinenero cholamulira asilikali. Chinafala mu Léopoldville mofulumira kwambiri moti Akongo, amene anali ambiri mumzindamo, anachita mantha kuti ana awo aiwala Chikongo. Bungwe la ABAKO linayamba mu 1950 ndi cholinga chotchinjiriza chinenero chimenecho. Kenako linasanduka chipani cha ndale cha Joseph Kasa-Vubu, ndipo atsamunda ataletsa msonkhano wake pa 4 January 1959, kunabuka zipolowe zimene zinachititsa Belgium kufulumiza ufulu. Bungwe lotetezera chinenero ndilo linadzatulutsa pulezidenti woyamba wa dziko.

Nanga Chifalansa? Atsamunda a ku Belgium sanali ofunitsitsa kuchigawa. Kwawo komweko anali ogawikana pakati pa olankhula Chifalansa ndi olankhula Chidatchi, ndipo amishonale ambiri anali a mbali yachiwiriyi. Ana a pulayimale ankaphunzitsidwa m'zinenero za kwawo. Chifalansa chenicheni chinkaperekedwa kwa ochepa: ophunzira unsembe, akalaliki a m'maofesi, othandiza madokotala. Anthu amenewa ankatchedwa évolués, kutanthauza oti asinthika n'kukwera, mawu amene mwano wake suchita kufunsa. Kuyambira mu 1948 munthu wakuda ankatha kupempha khadi lotchedwa carte du mérite civique, ndipo oyendera ankafika kunyumba kwake kudzaona ngati banjalo limadya ndi foloko ndi mpeni patebulo. Yunivesite yoyamba, ya Lovanium, inatsegulidwa mu 1954. Pofika 1960, dziko lonse lalikululi linali ndi anthu osakwana 30 omaliza maphunziro a yunivesite. Chinthu chikamaperekedwa monyenyeka chonchi chimakwera mtengo, ndipo mpaka lero Chifalansa chosalala ku Kinshasa chimamveka ngati chiphaso cha udindo.

Mzinda womwewo unamangidwa mogawikana. Kunali la ville, dera la azungu m'mbali mwa mtsinje lotchedwa Kalina, lomwe lero ndi Gombe, ndi la cité, kumene kunkakhala akuda. Pakati panasiyidwa malo opanda nyumba, mmene anaikamo bwalo la gofu ndi malo osungirako nyama, ati kuti matenda asawoloke. Kukada, wakuda sankaloledwa kuyenda ku ville popanda chikalata. Mawu awiriwa sanafe. Munthu wa ku Masina kapena ku Kimbanseke akati akupita en ville, akunena ku Gombe kumene kuli maunduna, mabanki ndi akazembe, ndipo akafika kumeneko lilime lakenso limatembenuka.

Pa tsiku la ufulu, 30 June 1960, nduna yaikulu Patrice Lumumba inalankhula pamaso pa Mfumu Baudouin ya ku Belgium m'Chifalansa. Mwa zopweteka zimene anatchula, kuphatikizapo zikwapu ndi kulandidwa malo, panali kamawu kamene wophunzira aliyense amakumana nako sabata yoyamba. Anakumbutsa kuti munthu wakuda ankaitanidwa kuti tu, osati chifukwa cha ubwenzi, koma chifukwa vous waulemu uja anasungidwira azungu okha. Mngerezi amavutika kumva kulemera kwa dandaulo limeneli popeza iye ali ndi mawu amodzi okha. Mchewa sachita kufotokozeredwa. Tangoganizani gogo waimvi akuuzidwa kuti iwe ndi kamnyamata ka mu ofesi tsiku lililonse kwa moyo wake wonse, pamene kamnyamatako n'koyenera kukatchula kuti inu. Aphunzitsi amatopa kufotokoza tu ndi vous ndi zitsanzo za wogula buledi ku Paris, chikhalirecho chitsanzo chosaiwalika chili m'mbiri ya Congo.

Septante, nonante ndi bourgmestre

Chifalansa cha ku Kinshasa ndi mwana wa Brussels, osati wa Paris, ndipo zimadziwika powerenga ndalama. Mfalansa akafuna kunena 70 amati soixante-dix, 60 kuwonjeza 10, ndipo 90 amati quatre-vingt-dix, ma 20 anayi kuwonjeza 10. Wa ku Kinshasa amangoti septante ndi nonante ngati wa ku Belgium. Kwa ine njira imeneyi ndiyo yanzeru, ndipo aliyense amene anatulukapo thukuta pa mayeso omvetsera manambala angavomereze. Pa 80 pokha onse amagwirizana kuti quatre-vingts. Mzindawu uli ndi zigawo 24 zotchedwa communes, ndipo mkulu wa chigawo ndi bourgmestre, osati maire. Fizi ya sukulu ndi minerval, sekondale ndi humanités, ndipo mayeso omaliza ndi Examen d'État, amene aliyense amangowatchula kuti Exétat.

Tsidya la mtsinje, makilomita ochepa chabe, kukuoneka nyumba za Brazzaville, likulu la Congo inayo, imene inalamulidwa ndi France kuchokera pa pangano la Pierre Savorgnan de Brazza mu 1880. Kupatula Rome ndi Vatican, palibe malikulu ena awiri oyandikana chonchi, koma mlatho palibe. Anthu amawoloka pa maboti kuchokera pa doko la Beach Ngobila. Mbali zonse ziwiri amamvana m'Chilingala. Koma nonante amene mwakwera naye boti amatsika tsidya linalo ali quatre-vingt-dix.

Mobutu atalanda boma mu November 1965 anayesa kufafaniza fungo la Belgium. Mu 1966 Léopoldville inakhala Kinshasa, Élisabethville inakhala Lubumbashi, Stanleyville inakhala Kisangani. Mu 1971 dziko linatchedwa Zaïre. Chaka chotsatira analamula anthu kutaya mayina achikhristu, iye mwini n'kusiya Joseph-Désiré kukhala Mobutu Sese Seko, ndipo Kadinala Joseph Malula atatsutsa anakakhala miyezi ingapo ku Rome. Monsieur ndi madame analetsedwa, aliyense anakhala citoyen kapena citoyenne. Suti ndi tayi zinaletsedwanso mpaka mu 1990. Amuna ankavala jekete lotsekeka mpaka m'khosi lotchedwa abacost. Tsono tamverani mawuwo. Ndondomeko yonseyi inkatchedwa authenticité, mawu a Chifalansa. Citoyen anachokera ku chipolowe cha ku France cha 1789. Abacost ndi chidule cha à bas le costume, suti igwe. Ngakhale Zaïre lenilenilo ndi mmene Apwitikizi anapotozera mawu a Chikongo akuti nzadi, mtsinje. Chifalansa chinatsala pampando wake wa boma osasunthika. Mobutu ankalankhula nacho kwa akazembe, koma akaima pabwalo la masewero pamaso pa khamu ankatembenukira ku Chilingala, chomwenso chinali cha asilikali ake.

Pa 30 October 1974, Muhammad Ali atamenyana ndi George Foreman pa bwalo lomwe lero ndi Stade Tata Raphaël, khamu linkakuwa kuti Ali, boma ye. M'Chilingala koboma ndi kupha, ndiye ankati Ali muphe ameneyo. Mchewa akamva mawuwa akhoza kuganiza kuti anthu ankafuna Ali atenge boma.

Mawu amene sali m'buku la kalasi

Apa ndi pamene wophunzira ayenera kukhalitsa, chifukwa anthu a ku Kinshasa, amene amadzitcha Kinois, sanangolandira Chifalansa n'kuchisunga mmene chinabwerera. Anachipinda kuti chinene moyo wawo, ndipo mawu ambiri amene anapanga ananyamula mbiri ya umphawi ndi nthabwala pamodzi.

Wotchuka kwambiri ndi article quinze. Ndi ndime yongopeka ya malamulo a dziko, yomwe akuti imangonena mawu amodzi: débrouillez-vous, dzionereni nokha. Chuma chitagwa m'zaka za Mobutu, malipiro a boma atasanduka nthabwala, makamaka asilikali atafunkha masitolo ndi mafakitale mu 1991 ndi 1993, ntchito zolembedwa zinasowa. Anthu ambiri mumzindawu amadya za tsiku lomwelo. Mphunzitsi wogulitsa mayunitsi madzulo, mlembi wa ku unduna amene ali ndi kagolosale kakang'ono kotchedwa ligablo, onsewo akutsata article quinze. Wosintha ndalama pamsewu, atakhala pansi pa ambulera ndi mitolo ya ma franc ndi madola a ku America, ndi cambiste. Wogulitsa petulo wa m'mabotolo ndi kadhafi, dzina la mtsogoleri wa dziko la mafuta la Libya uja. Wapolisi wa pamsewu ndi roulage, ndipo kangachepe kamene amapempha kali ndi dzina la Chilingala lomvetsa chisoni, madesu ya bana, nyemba za ana. Mu 2013 mayi wina injiniya, Thérèse Izay Kirongozi, anayamba kuika zidole zazitali zachitsulo zowongolera magalimoto pamphambano, n'kuzitcha robots roulage. Oyendetsa galimoto ankazikonda pa chifukwa chimodzi chodziwikiratu: sizipempha nyemba.

Zamaulendo zili ndi mawu akeake. Maminibasi akale a Mercedes 207, otchuka ndi ngozi, amatchedwa esprit de mort, mzimu wa imfa, ndipo atabwera atsopano anthu anawatcha esprit de vie. Dalaivala akadula ulendo pakati kuti okwera alipire kawiri, wachita demi-terrain. Wakabaza wa njinga yamoto ndi wewa, mawu a Chiluba otanthauza iwe, chifukwa anyamata ambiri oyamba ntchitoyi anachokera ku Kasaï ndipo umu ndi mmene ankaitanirana. Mphekesera ndi radio-trottoir, wayilesi ya m'mbali mwa msewu, imene nthawi ya chipani chimodzi inkakhulupiridwa kuposa ya boma. Abambo oima pamene pamayalidwa nyuzipepala, kuwerenga mitu yokha osagula n'kumatsutsana za ndale tsiku lonse, ndi parlementaires debout, aphungu oimirira. Chibwenzi cha bambo wapabanja ndi deuxième bureau, ofesi yachiwiri. Chakumwa choziziritsa kukhosi ndi un sucré basi.

Mawu amene amandibaya ine ndi délestage. M'dikishonale amatanthauza kuthimitsa magetsi mosinthanitsa madera, chinthu chosachita kutifotokozera. Ku Kinshasa analowa m'khitchini. Banja losakwanitsa kudyetsa onse tsiku lililonse limachita délestage: lero adya ana, mawa akulu. Wophunzira akafotokoza mawu amodzi amenewa bwinobwino m'kalasi, wanena zambiri za mzindawu kuposa amene waonetsa zithunzi khumi za nyumba zosanja za Boulevard du 30 Juin. Eni ake omwe sabisa. Mzinda umene unkatchedwa Kin-la-Belle, Kin wokongola, anausintha dzina kukhala Kin-la-Poubelle, Kin wa zinyalala, chifukwa cha mabotolo apulasitiki otseka ngalande ndi madzi osefukira nthawi ya dzinja. Amanena okha zimenezi, koma mlendo asayerekeze.

Maitanidwe nawonso n'ngofunika. Buku limati monsieur ndi madame, ndipo mu ofesi zimatero. Kunja, mwamuna wamkulu aliyense ndi papa, mkazi ndi maman, ngakhale simukumudziwa. Wokuposa zaka pang'ono ndi vieux, mawu amene ku Paris akhoza kukhumudwitsa munthu koma kuno ndi ulemu, ndipo iye amakuyankha kuti petit. Mkulu wako weniweni umamuikira mawu akuti ya patsogolo pa dzina. Mzungu ndi mundele, Ulaya ndi Poto.

Ukaipa dziwa nyimbo

Mwambiwu a ku Kinshasa akadaumva akadaseka, chifukwa misewu ikhoza kukumbika, magetsi kuthima, koma pa nyimbo palibe mzinda wa mu Africa umene unalamulirapo nthawi yaitali chonchi. M'zaka za m'ma 1940 wayilesi ndi magalamafoni zinkaseweretsa mbale za nyimbo za ku Cuba. Anthu anamvamo kugunda kwa ng'oma zimene makolo awo anapita nazo kutsidya la nyanja pa ukapolo, n'kuzilandiranso ngati mwana wobwerera kumudzi. Poyamba oimba ankangotsanzira Chisipanishi chosachimva, kenako anaikamo Chilingala. Amalonda achigiriki anatsegula nyumba zojambulira, monga Ngoma mu 1948 ndi Loningisa. Joseph Kabasele, wodziwika kuti Grand Kallé, anayambitsa African Jazz mu 1953, ndipo mu 1956 kunabadwa OK Jazz ya Franco Luambo. Atsogoleri a ndale atapita ku Brussels kumayambiriro kwa 1960 kukakambirana za ufulu, gulu la Kabasele linali komweko, ndipo nyimbo yawo ya Indépendance Cha Cha inafalitsa nkhaniyo mofulumira kuposa nyuzipepala. Mutu wake uli ndi mawu a Chifalansa, koma thunthu lake ndi Chilingala.

Umu ndi mmene zakhalira mpaka lero. Chikondi, nsanje, miseche ya pabanja ndi kunyogodola akuluakulu zimaimbidwa m'Chilingala, ndipo Chifalansa chimalowamo ngati mchere: chérie, mon amour, kapena mwambi wa woimba wofuna kuonetsa kuti sukulu anapitako. Tabu Ley, amene mu 1970 anakaimba pa holo yotchuka ya Olympia ku Paris, dzina lake lakuti Rochereau analitola m'kalasi, atayankha bwino funso la mbiri yakale lokhudza msilikali wa ku France, Denfert-Rochereau. Franco atamwalira mu 1989 dziko lonse linalira masiku anayi. Zaïko Langa Langa, imene inayamba mu 1969, inataya malipenga n'kukuza sebene, gawo la kumapeto lija pamene magitala amathamanga ndipo palibe amakhala pansi. Inabweretsanso atalaku, wokuwa mawu otsogolera ovina. Kwasa kwasa amene Kanda Bongo Man anatigwedeza naye m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, ndi ndombolo amene anabwera pambuyo pake, ndi nthambi za mtengo womwewu. Mayina a anthu amene mumamva akutchulidwa motsatizana pakati pa nyimbo si abale a woimba ayi. Ndi mabanga, miyala, ndipo ambiri mwa eni mayinawo analipira kuti aponyedwe. M'dziko limene mbale zokopedwa zinapha malonda a nyimbo, umenewo ndiwo unakhala mpamba wa oimba. Mu December 2021 bungwe la UNESCO linaika rumba ya mayiko awiri a Congo pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse.

Mtima wa zonsezi unali ku Matonge, m'chigawo cha Kalamu, kumene Papa Wemba anakhazikitsa Viva la Musica mu 1977. Iyeyu, amene anamwalirira pa nsanja akuimba ku Abidjan mu April 2016, ndiye anatchukitsa Sape, chidule cha Société des Ambianceurs et des Personnes Élégantes, gulu la anthu okonda kutchena zovala zodula. Khalidweli linayambira ku Brazzaville, koma ku Kinshasa linapeza tanthauzo lina, chifukwa kuvala suti yodula ya ku Italy nthawi imene boma likukakamiza abacost kunali kukana mosalankhula. Chaka chilichonse pa 10 February ma sapeurs amasonkhana pamanda a ku Gombe kukumbukira Stervos Niarcos, amene ankati nsalu, kitendi, ndi chipembedzo. Anthu akunja amakonda kuwajambula kwambiri, mwina mopitirira, ndipo a Kinois ambiri amawaona ngati anthu osamvetsetseka ogula nsapato za mtengo wa lendi ya chaka.

Za chakudya sitikhalitsapo, chifukwa zambiri tikuzidziwa kale ndi mayina ena. Pondu ndi chigwada chosinja chophika ndi mafuta ofiira a kanjedza. Fufu ndi nsima ya ufa wa chinangwa, kawirikawiri wosakaniza ndi wa chimanga. Chikwangue, kapena kwanga, ndi chinangwa choviika n'kuphika chitakulungidwa m'masamba. Liboke ndi nsomba kapena nyama yophikira m'masamba, mikate ndi mandasi, ndipo makayabu ndi bakayawo yemweyu. Mawu awiri omalizawa anachokera kwa Apwitikizi. Zimenezi zimadyedwa mu malewa, timalesitilanti ta m'mbali mwa msewu, ndipo mowa wa Primus kapena Skol umamwedwa mu nganda, timabala ta kumeneko. Koma m'mawa mzinda wonse umadya buledi wamtali uja, atanyamulidwa m'mabeseni pamutu pa amayi. Wophunzira wofunitsitsa chithunzi cha baguette akhoza kuchipeza konkuno.

Lamulungu ndi pamene kugawana ntchito kwa zinenero kumaonekera poyera. M'matchalitchi ambiri a chitsitsimutso, églises de réveil, mbusa amalalikira m'Chifalansa, womasulira ali pambali pake akubwereza chiganizo chilichonse m'Chilingala ndi manja omwe, ndipo ameni wamphamvu amabwera womasulira akamaliza. Akatolika ali ndi mwambo wawo wa Misa wokhala ndi kuvina, umene Vatican inavomereza mu 1988. Mpingo wa otsatira Simon Kimbangu, mlaliki amene atsamunda anamumanga mu 1921 n'kumwalirira m'ndende mu 1951, uli ndi gulu loimba nyimbo za mavayolini limene Armand Diangienda anayambitsa mu 1994, ena mwa oimba ake akudzipangira okha zida. Wojambula Chéri Samba amalemba mawu pa zithunzi zake m'zinenero zonse ziwiri.

Mwayi wa wolankhula Chichewa

Chilingala ndi mbale wa Chichewa, ndipo khutu limazindikira msanga. Mwana ndi mwana, nyama ndi nyama. Nzela ndi njira, nzala ndi njala, mbula ndi mvula, motema ndi mtima, koyemba ndi kuimba, kobina ndi kuvina. Timu ya mpira ya Daring Club Motema Pembe, imene imalimbana ndi AS Vita Club pa Stade des Martyrs, dzina lake likunena za mtima woyera. Mawu akuti moto okha ndi msampha: malinga ndi kakwezedwe ka mawu akhoza kukhala munthu, mutu kapena moto wathu womwewu, ndipo m'Chifalansa une moto ndi njinga yamoto. Kasakanizidwe kakenso n'kodziwika kwa ife. Mmene timanenera kuti ndikukachaja foni, wa ku Kinshasa amatenga mneni wa Chifalansa n'kumuveka zovala za Chilingala: nazo comprendre te, sindikumva. Pamsika waukulu wa Zando kutsatsa konse kumachitika m'Chilingala, koma mtengo umatchulidwa m'Chifalansa, monga ife timatchulira m'Chingerezi.

Chenjezo limodzi: Kinshasa si Congo yonse. Ku Lubumbashi, pafupi ndi malire a Zambia, ndi kum'mawa konse, chinenero cha pamsewu ndi Chiswahili, ndipo ambiri mwa anthu a ku Congo okhala ku Dzaleka anachokera mbali imeneyo. Wofuna kuyeserera Chifalansa chake ndi iwo asaganize kuti aliyense ayankha mbote, moni wa Chilingala. Laurent-Désiré Kabila, amene anachotsa Mobutu pampando, atalowa mu likulu mu May 1997 ndi asilikali olankhula Chiswahili, a Kinois anaona ngati alowereredwa ndi alendo, ngakhale anali a dziko limodzi.

Mpikisano wa zinenero ziwirizi sunathe. Mzindawu unalandira msonkhano wa atsogoleri a Francophonie mu 2012 ndi masewero ake mu 2023, ndipo owerengera tsogolo la Chifalansa amadalira kwambiri ana a ku Congo. M'mabanja ambiri opezako bwino makolo amalera ana m'Chifalansa chokha, ndipo m'masukulu ena mwana amalangidwa akamveka akulankhula Chilingala, chimene ena amachinyozabe kuti n'cha asilikali ndi anyamata a pamsewu. Pamene makolowo akuchitsekera kunja, Chilingala chakwera ndege. Ku Brussels kuli dera lotchedwa Matonge potengera la ku Kalamu. Gims, mmodzi mwa oimba ogulitsa kwambiri ku France, anabadwira ku Kinshasa mu 1986, ndipo bambo ake ankaimba m'gulu la Papa Wemba. Mu November 2023 Fally Ipupa anadzaza Paris La Défense Arena ndi nyimbo zimene mawu ake ambiri ndi a Chilingala. Ndipo wophunzira uja amene anasankha Paris akadzatsika sitima ya pansi pa nthaka pa siteshoni ya Château Rouge, adzapeza pondu, kwanga ndi makayabu zikugulitsidwa pakhomo pomwepo.